Mphaka Woimba Piyano ku Deira

Nditangofika ku Dubai, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndinkayendetsa galimoto ya banja lina ku Deira. Nyengo yotentha ikafika onse ankachoka, ine n'kutsala ndi ntchito imodzi: kuonetsetsa kuti eyakoni yoziziritsa m'nyumba isazime, kuopa kuti piyano ya mwana wawo Salma ingawonongeke. Piyano inkakhala pozizira, ine ndikupsa m'kachipinda ka kuseri.

Salma ankapita ku Ulaya, ku sukulu ya patchuthi yophunzitsa kuimba ndi kujambula. Tsiku lina ndikumuperekeza ku bwalo la ndege, anandiuza kuti sukuluyo inayamba ndi asilikali oimba bandi nkhondo itatha, ena osadziwa n'komwe kuwerenga manotsi a nyimbo. Ndinakumbukira gitala yanga ya chigubu imene ndinaisiya ku Mangochi.

Chaka chimenecho ndinatsegula piyanoyo. Masana alionse ndinkafunafuna ndi chala chimodzi nyimbo imene mayi anga ankaimba posinja, mpaka ndinaipeza.

Salma atabwerako anaona zidindo za chala pa makiyi asanu a pakati a piyanoyo.

"Ankolo Yusufu, kodi wina amaimba pano?"

"Ayi, mwina ndi mphaka," ndinatero. M'nyumbamo munalibe mphaka.

Anangomwetulira. Chaka chotsatira anasiya buku la oyamba kumene kuphunzira kuimba pamwamba pa piyano. Kulitsegula kukanakhala kuvomera bodza langa, choncho miyezi itatu yathunthu ndinkangolipukuta fumbi n'kulibwezera pomwepo.

Nyimbo ya mayi ija ndimaiimbabe mpaka lero ndi chala chimodzi patebulo. Za bukulo ndimangodziwa kuti chikuto chake chinali chobiriwira.