Kompyuta Ikuti Mwana Wanga Anamwalira

Lembani penapake, mbiri ingadzandiiwale. M'boma lonse la Mangochi, kuyambira kumtunda mpaka kunyanja, ine ndekha ndi amene ndinaukitsapo munthu kwa akufa pa windo la chipatala, Lolemba m'mawa, mboni zili ndondondo pamzere.

Musaombe m'manja. Munthuyo sanafe n'komwe. Ndi mwana wanga wa masiku asanu ndi anayi, ndipo nthawi yonse imene ankamunena kuti ndi malemu, iye anali pabere.

Kwa amene simundidziwa, ndine uja ndimakonza mafoni pansi pa lata limodzi m'mbali mwa msewu wa ku Nkope. Ku koleji ndinapitako. Masemesita atatu. Kenako ine ndi koleji tinagwirizana mwamtendere kuti tisamavutitsane. Choncho kompyuta ndimaidziwa, ndipo munthu sanganditseke pakamwa ndi mawu oti sisitimu. Ndimaganiza choncho.

Ndiyambe ndi zimene kalaliki wa pa windo sanafune kumva.

Mkazi wanga ndi Asiyatu, kwawo ku Lungwena. Zaka ziwiri zapitazo anabereka mwana wamwamuna pa chipatala chomwechi. Dzina la chipatalacho sinditchula, eni ake akudzidziwa. Kwawo kwa Asiyatu khanda salipatsa dzina mchombo usanagwe. Wathu mchombo sunagwe. Unafiira, unayamba kafungo, ife n'kumauzana kuti ndi mmene zimakhalira. Tsiku lachisanu ndi chinayi anatisiya, titangofika naye kuchipatala. Tinamuika alibe dzina.

Kuchipatala, khanda lopanda dzina amalilemba ndi dzina la make. Choncho m'kompyuta analowa ngati "Mwana wa Asiyatu," ndipo anatuluka m'dziko ndi dzina lobwerekalo. Anzake a mkazi wanga amaitanidwa make Fatima, make Yusufu. Iye anabereka, mkaka unatuluka, koma anakhalabe Asiyatu.

Chaka chino Mulungu anatikumbukira. Loweruka lina kunabadwa mwana wamwamuna. Anesi analemba pa kabuku kake ka kuchipatala: "Mwana wa Asiyatu." Tinabwerera kunyumba, make n'kulowa m'chikuta, kudikira kuti mchombo ugwe timutche dzina.

Lolemba, tsiku lachisanu ndi chinayi, akumusambitsa, Asiyatu anandiitana ndi mawu otsika kwambiri.

"Inu, tanunkhizani apa."

Ndinawerama. Fungolo ndinalidziwa. Pali zinthu zimene mphuno siiwala ngakhale mutu utayesetsa bwanji. Khungu lozungulira mchombo linali litafiira, pali timafinya. Sitinakambirane. Ndinaimitsa njinga yamoto.

7:10 tinafika. Mzere unali utazungulira kale mtengo wa mango. 8:25 windo linatsegulidwa, pomwe chikwangwani chawo chomwe chimati 7:30. Ndinapita kutsogolo, ndinapereka ulemu wonse umene makolo anandisiyira, n'kunena kuti pano pali khanda, mchombo watupa. Kalaliki sanadzutse mutu. Anati aliyense pamzerepo ali ndi chotupa chake. Nzeru zakuya zimenezo. Ku koleji sitinafike mutu umenewo.

9:40 inakwana nthawi yathu. Anatenga kabuku. Anagogoda kompyuta ndi chala chimodzi, ngati nkhuku ikutola mapira. Anayang'ana. Anayang'ananso. Kenako, ndi mawu oti amve ngakhale ogulitsa zitumbuwa kugeti, anati:

"Mwana uyutu anamwalira."

Pabenchi panali mayi wina wachikulire, wovala mpango woyera. Asanaganize n'komwe, pakamwa pawo panatuluka mawu aja timanena tikamva za maliro: "Inna lillahi." Anawanenera mwana wamoyo. Atazindikira anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Asiyatu sanalire. Bola akanalira. Anamasula chitenje pang'onopang'ono, anachotsa mwana kubere, n'kuika khutu lake pa kachifuwa. Mwana akuphiriphitha, akulira kufuna bere, make ali phee kumvetsera ngati mtima ukugunda.

Ndinati, "Akulu, mwana ndi uyu. Mukumumva."

Anati iye akumva, koma sisitimu siikumva.

Ndinafotokoza. Ndinafotokoza bwino, moti aphunzitsi anga akale akanandiona akanandibwezera malo. Ndinati amene ali m'kompyutamo ndi mkulu wake, wa zaka ziwiri zapitazo. Mayi mmodzi, mudzi umodzi, onse opanda dzina, koma ana awiri. Ndinati taonani tsiku lobadwa. Anati waliona. Ndinati ndiye lembani watsopano. Anati sisitimu ikukana, chifukwa "Mwana wa Asiyatu" wa mudzi umenewu alimo kale, ndipo munthu womwalira sangamutsegulire ulendo wokaonana ndi dokotala. Ndinafunsa ngati palibe amene amadziwa kukonza zimenezi. Anati alipo, koma ali ku maphunziro ku hotela ina ku Makokola, abwera Lachisanu.

Lachisanu. Mafinya adikire Lachisanu? Awauze ndani, ine kapena inu?

Ndinati chabwino, isiyeni kompyuta, lembani pa pepala. Anthu ankachira kompyuta isanabwere. Anati mapepala anasiya, ndipo anesi salandira kabuku kopanda sitika yochokera pa windo lake. Ndinati nditembenuzireni kompyutayo ndiyese, ndine wa mafoni. Anandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake.

"Achimwene, imani pambali. Mukuchedwetsa odwala."

Tinaima pambali. Odwala anadutsa. Ife akufa tinadikira.

10:15 ndinayesa khomo la anesi. Mlonda anati popanda sitika palibe kulowa. Ndinamuonetsa mchombo. Anatembenuza nkhope, n'kunena kuti iye ndi mlonda chabe. 10:30 kalaliki anatseka windo, akuti kukamwa tiyi. Anatenga mphindi makumi atatu ndi zisanu. Ndinawerenga, chifukwa panalibe china choti ndichite ndi mutu wanga. Nthawi yonseyo Asiyatu anali atakhala pansi pa mtengo, chala chake chili pansi pa mphuno ya mwana. Thupi la mwana linali litayamba kutentha. Kuyamwa anayamba kuchita mwaulesi, kukoka kawiri n'kusiya. Zimenezinso ndinazidziwa. Ndi mmene zinayendera ulendo woyamba uja, sitepe ndi sitepe.

11:05 windo linatsegulidwa. Ndinagwada. Inde, ine, wa masemesita atatu. Bondo pa simenti, manja pa windo. Ndinati akulu, ndiuzeni chimene kompyuta yanu ikufuna, ndikagula ngakhale ndi mbuzi.

Anapukuta shuga pa milomo. Anati n'zosavuta, bwenzi titanena kale. Mwanayo timupatse dzina. Dzina likasiyana, sisitimu ivomera. Tikagule kabuku katsopano pa okala ya kugeti, alembe dzinalo, amate sitika, basi.

N'zosavuta. Ola limodzi ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu akudziwa kuti n'zosavuta.

Ndinati mchombo sunagwe. Ndinati dzina limeneli amayenera kupereka ndi amalume ake a Asiyatu, abale atasonkhana, shehe atapemphera, mwana atametedwa. Anaseka pang'ono. Anati ndisankhe, mwambo kapena jakisoni.

Ndinathamanga kukagula kabuku. Ndinabwera nako ndikupuma ngati galu. Kalaliki anatenga cholembera.

"Dzina?"

Mutu wanga unali mbee. Ine amene ndimatcha mayina agalu a anthu ena, amene ndinapatsa mayina aphunzitsi onse a ku sekondale, ndinasowa dzina limodzi. Ndinayang'ana khoma. Panali chithunzi cha udzudzu ndi china cha kondomu.

"Dzina, achimwene. Anthu akudikira."

Kumbuyo kwanga ndinamva mawu a Asiyatu. Anali asanayankhule chiyambire 9:40.

"Hamisi."

Ndinatembenuka. Maso ake sanali pa ine, sanali pa kalaliki, sanalinso pa mwana amene anali m'manja mwake. Ankayang'ana penapake pakati pa benchi ndi khomo, pamene panalibe munthu.

Hamisi ndi dzina limene amapatsa mwana wobadwa Lachinayi. Uyu anabadwa Loweruka. Wobadwa Lachinayi anali woyamba uja. Ndi dzina limene ine ndi Asiyatu tinamusungira mwakachetechete, tikudikira mchombo umene sunagwe. Kwa zaka ziwiri palibe anali atalitchulapo m'nyumba mwathu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi, dikirani. Chala chimodzi chija chinali chitagogoda kale. Kamakina kanalira, sitika inatuluka. Pa ntchito imeneyi yokha ndiye anafulumira.

11:20 tinalowa kwa anesi. Mayi ameneyu sindimudandaula kwambiri, manja ake ankadziwa ntchito. Anatsegula thewera, anayang'ana, nkhope inasintha. Anafunsa ngati tinapaka phulusa kapena mafuta pamchombo. Tinati ayi. Anatsuka, anabaya jakisoni, anatipatsa mankhwala akumwa a sabata yonse, n'kuti tibwerenso mawa kudzabayitsa wina. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, khanda likafika apa simuchedwa nalo. Munali kuti m'mawa wonse?"

Ndinati tinali kumaliro, amayi. Sanaseke. Inenso sindinaseke.

Atamaliza anamunyamula mwana n'kumubwezera kwa make. "Nayu, make Hamisi." Zaka ziwiri mkazi wanga akudikira kuitanidwa make wina wake. Anamva mawuwo, analandira mwana, n'kuika chala pansi pa kamphuno.

Mwana anachira. Ndinene zimenezi msanga, mitima ikhale pansi. Kutentha kunatsika tsiku lachiwiri, mchombo unauma, unagwa Lachisanu, tsiku lomwe katswiri wa sisitimu ankabwera kuchokera ku maphunziro ake. Lero ali ndi masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Amayamwa ngati walipira.

Koma m'nyumba mwathu simunachire.

Amalume a Asiyatu anabwera pa njinga kuchokera ku Lungwena ndi dzina lawo m'thumba. Atamva zimene zinachitika anakhala pa khonde osalandira ngakhale madzi. Anati dzina la mwana amene anapita salipereka kwa wamoyo, kumeneko ndi kuitana wopitayo kuti adzatenge malo a wamoyoyu. Anati iwo azimutcha Saidi. Ndiye pano mwana ali ndi mayina awiri, la amalume ndi la sitika. Ine ndimangoti "mwana." Ndinabwerera pomwe tinayambira.

Asiyatu satchula lililonse. Akamachapa matewera amasiya pakati, manja ali thovu, n'kuthamangira m'nyumba kukaika chala pansi pa kamphuno. Akamaphika, chimodzimodzi. Dzulo masana ndinawerenga, kasanu ndi kawiri pa ola limodzi. Ndinamufunsa kuti bwanji anatchula dzina lija. Anayankha akupinda kathewera kamodzi komweko.

"Atanena kuti anamwalira, sindinadziwe kuti ndanyamula uti. Ndinangoitana kuti ndione amene ayankhe."

Ine ndine munthu wa nthabwala, mumandidziwa. Pamenepo ndinafufuza m'matumba monse, sindinapeze ngakhale imodzi.

Nanenso zikundipeza. Munthu akabweretsa foni yozima n'kunena kuti yafa iyi, ndimamva mawu a pa windo aja. Ndimaika sikuludiraiva pansi, n'kuyimbira kunyumba. Asiyatu amayankha msanga kwambiri, ngati anali atagwira kale foni. Sindifunsa. Iye amangoti, "Akupuma."

Sabata yatha ndinapitanso kuchipatalako kukapempha kuti asinthe dzina. Katswiri uja ndinamupeza, wanenepa bwino ndi chakudya cha ku hotela. Anati kusintha dzina kumafuna kalata. Ndinati kalata yochokera kwa ndani? Anati afunsa. Ndinapemphanso chinthu chimodzi, kuti andionetse mzere wa woyamba uja. Anatembenuza kompyuta. Ali momwemo. "Mwana wa Asiyatu," womwalira. M'munsi mwake, "Hamisi," wamoyo. Ana anga awiri, koyamba kukhala pamodzi, wina atavala dzina la mnzake.

Ndiye inu akuluakulu a chipatala chimenechi, ndili ndi mafunso, ndipo sindikuseka.

Kodi m'dera lino, mmene theka la mzere wanu ndi anthu osatcha khanda dzina mchombo usanagwe, palibe anaganizapo kuti mayi mmodzi angabereke kawiri? Kodi mwa amayi amene anaikapo mwana m'manda, woyamba kubwera pa windo lanu ndi mkazi wanga? Nanga ena aja munawauza chiyani? Ndani anaphunzitsa kalaliki wanu kulengeza maliro ngati akuitana minibasi? Khanda lotentha thupi liyime pamzere maola anayi chifukwa cha sitika, lamulo limenelo analemba ndani, ndipo iye ana ake amawatengera kuti? Mukayankha, musandiuze za sisitimu. Sisitimu sinamwe tiyi mphindi makumi atatu ndi zisanu.

Inu amene muli ndi makanda m'chikuta, mchombo ukafiira kapena kununkha, musadikire mawa. Ndipo ponyamuka tengani dzina lapadera m'thumba, lililonse, ngakhale la woyendetsa njinga. Musalole kuti pa windo akufunseni mutu uli mbee, chifukwa pakamwa pamatuluka zimene munakwirira.

Ena mufunsa kuti zonsezi zinandidyera zingati. Chithandizo ndi chaulere, ndivomere. Ndinangolipira kabuku katsopano, K800. Ndinapereka K1,000, wa pa okala analibe chenji, anandipatsa masiwiti awiri.

Akadali m'thumba la malaya. Sindikudziwa kuti ndi a ndani.