Magalamu Makumi Anayi a Bambo Tebbutt

Ndagwira ntchito m'kantini ya fakitale ya Marlcott zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo munthu ukamamuthirira tiyi tsiku ndi tsiku umamudziwa kuposa mkazi wake. Chikho cha a Clive Tebbutt sichinkasowa pa shelefu. Chogwirira chake chinali ndi zidindo za zala zobiriwira zimene sopo aliyense anazilephera.

A Tebbutt anali wopenta magalimoto athu ampikisano. Analowa ntchito tsitsi likadalipo, fakitale yonse ili ndi anthu osakwana makumi asanu ndi limodzi. Mtundu wobiriwira wa timu yathu anausakaniza ndi iwowo, ndipo kasakanizidwe kake sanakalembe pena paliponse. Akazi awo, a Glenys, ankadandaula kuti zaka makumi atatu za banja, bamboyo sanapentepo ngakhale chitseko cha kubafa. Akawakumbutsa, ankangoti nyumba siithamanga.

Chaka chimene ndikunenachi galimoto inabadwa yonenepa. Mu Febuluwale ataikweza pa sikelo anapeza kuti yapyola mlingo wake ndi makilo asanu ndi atatu, mainjiniya n'kuyenda sabata yathunthu ngati ali pamaliro. Anasema apa, anaboola apo. Dalaivala wathu wa ku Finland anamuletsa chipisi, mpaka ankayang'ana mbale za anzake ngati galu wa pa butchala. Kenaka wina anakumbukira kuti penti nayo imalemera.

Amene anatumidwa kukanena anali Imogen Sallis, injiniya wachitsikana, waulemu wake ndithu, koma wokhulupirira manambala kuposa mpingo. Anapempha a Tebbutt kuti apale penti ya m'mbali mokha, pasiyidwe kaboni, chinthu chakuda chimene amapangira thupi la galimotoyo. Anapala ndi manja awo. Mpikisano wotsatira utatha kunabwera kapepala kolamula kupala pena: mapiko akumbuyo kwa galimoto. Kenanso: pamwamba pa injini. Munthu amene moyo wake wonse ankapaka, tsopano ankabwera m'mawa kudzapala zimene anapaka yekha, ndipo ankapala mosamala, pakuti ntchito yonyansa sankaidziwa. Fumbi lake ankalisesa, Imogen n'kuliyeza, n'kuwathokoza.

Pofika Juni panatsala kamzere kamodzi, ka zala ziwiri m'lifupi, kochokera pamphuno kukafika pamene pamakhala dalaivala. Kapepala kake katabwera, a Tebbutt anavula ovolosi, n'kukwera masitepe kupita kwa mkulu wa timu. Mlembi wa mkuluyo amadya kwa ine, ndiye mawu ake ndili nawo.

"Bwana, zonse ndapala, sindinanene kanthu. Kamzere aka kokha kasiyeni, anthu aziizindikira kuti ndi yathu. Panopa ikuoneka ngati thumba la makala."

Mkuluyo anaseka, nafunsa kuti kamzereko kamalemera bwanji. Imogen, amene anali pomwepo, anati magalamu makumi anayi. Bwana anati kakhale mpaka mpikisano wa ku Silverstone, poti ndi wa pakhomo ndipo mabanja athu onse amakaonera.

Tinapitadi, a Glenys atavala chipewa chatsopano. Loweruka, tsiku lolimbirana malo oyambira, galimoto yathu inalephera kulowa m'gulu la khumi oyamba ndi gawo limodzi lokha mwa magawo chikwi a sekondi. Lamulungu inatsekeredwa kumbuyo kwa zinzake, n'kumaliza yopanda pointi.

Lolemba masana kantini inali yodzaza. Makaniko wina wapakamwa, Gaz Pell, anafunsa Imogen mokweza kuti magalamu makumi anayi amachedwetsa galimoto ndi nthawi yochuluka bwanji ikazungulira kamodzi. Mtsikanayo akanati sakudziwa, zikanathera pomwepo. Koma anatenga kapepala kopukutira pakamwa, nawerengera, nayankha moona: pafupifupi gawo limodzi mwa chikwi.

Kenaka chiseko chinaphulika mpaka mafoloko kugwa.

Palibe anatchula kuti dalaivala anaponda buleki mochedwa pakona ina n'kutaya theka la sekondi. Dalaivala sadya m'kantini. A Tebbutt ndiwo anali pomwepo, sangweji ili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linasanduka a Magalamu. Anyamata a kumagiya ankawabisira chakudya n'kuchibweza chili ndi kapepala kosonyeza kulemera kwake. Nanenso ndisabise, ndinawachotsera supuni imodzi ya shuga, ndikuti timu ikuchepetsa katundu. Anamwa choncho, nandithokoza.

Kamzereko a Tebbutt anakapala masana a Lolemba lomwelo, popanda wowauza.

Ndiye taonani mmene dziko lilili. Ku Hungary galimoto yakuda bii ija inamaliza yachitatu, koyamba patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Mainjiniya amati chinathandiza ndi chipangizo chatsopano cha kunsi kwa galimoto chimene anaikapo sabata imeneyo, koma nkhani imeneyo siikoma pofotokoza. Titasonkhana pabwalo kujambulitsa ndi chikho chimene tinapata, Gaz anagwira mkono wa a Tebbutt n'kuukweza m'mwamba.

"Nayu ngwazi yathu, anthuni. Tonsefe timathandiza pogwira ntchito, mdala uyu amathandiza akasiya."

Pachithunzicho a Tebbutt akumwetulira. Chili pakhoma la kantini mpaka lero.

Mipikisano itatha analengeza kuti galimoto ya chaka chamawa idzangomatidwa timapepala todulidwa ndi makina. Sanawachotse ntchito, ayi, ku Marlcott okalamba sitichotsa, timawalemekeza. Anawasamutsira kushedi ya kuseri kwa poimika magalimoto kuti azikapenta galimoto zachionetsero, zija zopanda injini, zikhokhombe zokha, zimene timatumiza m'misika kuti anthu azijambulitsa nazo. Kumeneko kulibe sikelo. Yoyamba anaipaka kasanu ndi kawiri. Itatuluka padzuwa, ngakhale Gaz anatseka pakamwa. Sindinaonepo galimoto yokongola chotero, ndipo kuti iyende pamafunika amuna anayi okankha.

Anakaiika mumsika waukulu wa ku Milton Keynes, m'kati mwa chingwe, pakati pa shopu ya nsapato ndi pogulitsira madonasi. Zotsalazi anandiuza ndi a Glenys. Loweruka lina anakwera basi awiriwo kukaiona. Atafika anapeza pamphuno pake pali chidindo cha dzanja la mwana, cha jamu. A Tebbutt anatulutsa mpango m'thumba, n'kulumpha chingwe.

"Madala, tulukani mmenemo," anatero mlonda. "Iyi si yogwiragwira. Anthu anaivutikira."

"Ndinaipenta ndine, mwana wanga."

"Eya, ndipo woiyendetsa ndine. Tiyeni."

Anawagwira pachigongono n'kuwaperekeza mpaka pakhomo lalikulu, anthu akujambula ndi mafoni, jamu uja ali pomwepo. Ndinawafunsa a Glenys kuti nanga iwo anatani. Akuti analowa m'shopu ya nsapato muja n'kuyesa mapeyala atatu, mpaka gulu litabalalika.