Chitseko cha Kumbuyo

Amuna anga atagula kagalimoto kotalika miyendo kaja, m'makutu mwanga simunapumenso. Aliyense wofika pasitolo yathu pamsika wa Milange ankauzidwa kuti m'chiwongolero muli pilo wa mpweya amene amafufuma pakachitika ngozi, kuti mabuleki ake saterereka m'matope, kuti ukapanda kumanga lamba kamalira ngati mwanapiye. "Kameneka munthu saferamo," ankatero akusisita boneti. Mawu amenewo ankandinyansa, chifukwa imfa saiputa dala.

M'kati mwa dzinja kunabwera uthenga woti amayi anga, kumudzi ku Molumbo, mwendo watupa mpaka m'ntchafu. Tinalawira kukawatenga kuti akaonedwe kuchipatala cha m'tauni. Popita mvula inkangowaza, koma kumapiri kunali bii, ndipo pakamlatho kotsika ka pakati pa njira madzi anali atayamba kunyambita simenti.

Pobwerera, amayi anakhala pampando wakumbuyo, mbali yanga, kutali ndi mkamwini wawo. Kwathu apongozi ndi mkamwini salankhulana maso ndi maso, mawu amadzera mwa ine. Galimoto itangoyamba kuthamanga, zitseko zonse zinati kha, zokha.

"Watseka ndani?" anandifunsa.

"Imadzitseka yokha, amayi. N'chitetezo."

Nthawi ya nkhondo amayi anakwerapo lole imene inawomberedwa panjira, ndipo anapulumuka chifukwa anakhala m'mphepete, n'kudumpha ine ndili kumsana. Chiyambire tsikulo, ngakhale mu chapa, timinibasi takwathu tija, ankalimbirana mpando wa pakhomo. Lamba anamukana. Ulendo wonse dzanja lawo linali pachogwirira cha chitseko.

Tinafika pakamlatho paja masana. Simenti sinkaonekanso. Madzi ofiira ankadutsa pamwamba atasenza mapesi ndi mtengo wa nthochi wathunthu. Anthu a njinga anali atakhala pamtunda kudikira. Dongosolo la pamenepo aliyense amalidziwa: okwera onse amatsika, wina amatsogola ndi ndodo, galimoto imawoloka ndi woyendetsa yekha.

"Uwauze bambo a anawa aime," amayi ananena motsitsa mawu. "Nditsike. Anthu awa andinyamula."

Amuna anga anamva, si ogontha, koma mawu a apongozi sakhala mawu mpaka atatulukira pakamwa panga. Anandiyang'ana. Ine ndinaganiza za mwendo wotupa uja m'madzi amatope, ndinaganizanso za manyazi otsutsa mwamuna pagulu, iye atatama kagalimoto kake mwezi wonse.

"Akuti muyende pang'onopang'ono," ndinatero.

"Auzeni asaope. Matayala onse anayi amakoka."

Tinalowa. Poyamba kunkangomveka madzi akuwomba kunsi. Tili pakati, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukusuntha pang'ono, ngati munthu akukankha bedi uli chigonere. Madzi ankamenya mbali ya amuna anga, moti chitseko chawo anachikankha ndi phewa koma osatheka. Mapazi anga anazizira. Nditayang'ana pansi, madzi anali m'akakolo.

Amuna anga anadina batani lomasula zitseko zonse. "Tulukani! Atulutseni amayi!"

Kumbuyo kunkamveka kha, kha, kha. Amayi ankakoka chogwirira, chitseko chili chete. Sanakuwe. Ankangokoka, maso ali pa ine, ndipo galimoto inasunthanso.

Apo m'pamene ndinakumbukira. M'mphepete mwa chitseko cha kumbuyo muli kachitsulo kotsekera ana kuti asatsegule ali m'kati. Ndinakatsitsa ndine, Lamlungu lapitalo, popita ndi ana kutchalitchi, ndipo sindinauze munthu.

Ndinakankha chitseko changa n'kutsikira m'madzi ofika m'chiuno. Ndinagwira denga ndi dzanja limodzi, linalo n'kutsegula cha amayi chakunja. Abambo atatu a njinga anali atalowa kale m'madzi atagwirana manja. Anawanyamula amayi, wina n'kundikoka ine, amuna anga n'kutulukira mbali yanga. Galimoto inakokedwa ndi zingwe madzi ataphwerako.

Pamtunda amayi anakhala pansi akunjenjemera, mwendo wotupa atautambasula. Kenako anachita zimene sanachitepo chikwatiwire ine. Anayang'ana mkamwini wawo m'maso n'kulankhula naye okha.

"Bambo, ndinapempha kutsika. Inu munanditsekera."

Amuna anga anayasama, anandiyang'ana, n'kutseka pakamwa. Ine ndinali kufinya chitenje changa, ndipo ndinapitiriza kufinya. Ndinkaopa maso a amayi aja kuposa madzi.

Kuchipatala amayi anakafika pa njinga, atakana galimoto iliyonse. Mwendo unapola. Koma pakhomo pathu sanapondeponso, ndipo shuga ndi sopo zochokera kwa mkamwini ankazibweza zili chimangire. Amuna anga sananenepo kanthu, mpaka lero, ndipo chete wawoyo amandipweteka kuposa kukalipa.

Amayi anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Ulendo uliwonse wopita kumudzi ndinkati lero ndinena. Ndikangokhala pamphasa, ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe ndiwe unanditsegulira, mwana wanga." Ine ndinkangoti eya. Anamwalira akudziwa choncho.