Mfuti Yanga ndi Papaya wa Aneba

Chaka chija masukulu anatsekedwa miyezi yambirimbiri chifukwa cha mliri, kwathu ku Bangwe kunabuka nkhondo. Ana a kumtunda kwa mjigo ankalimbana ndi ana a kumunsi, ndipo mwana wanga wa sitandade fili analowa usilikali osanditsanzika n'komwe.

Nkhondo imafuna mfuti, ndipo fakitale yake inali kwa aneba anga, bambo wina wapakamwa amene luso lake lonse linali kukhala ndi mtengo wa papaya pakhomo. Ankangothyola phesi, kudula uku ndi uku, basi mfuti yatha. Msilikali n'kuika nthanga mkamwa, n'kuuzira. Ikaphwanyika, ankathyola lina. Ndikulumbira, mtengo uja unkaphukira masamba munthu ukuyang'ana, kuopa kuchedwetsa oda. Aneba angawo ana onse ankawatcha ajenerali. Munthu woti ngakhale galu wake samumvera!

Ndinapirira mpaka tsiku lomwe ndinaona mwana wanga akuwamenyera saluti. Ine amene ndimamugulira nsapato, akandiona amangofunsa ngati ndabwera ndi buledi.

"Iwe, ndikupangira mfuti yeniyeni," ndinamuuza. "Osati ndiwo za mbuzi zimenezi."

"Lero, adadi?"

"Za lero lero n'za anthu opanda ulemu ndi ntchito."

Chogwirira ndinasema kuchokera ku mwendo wa mpando wa alendo. Mpope wake ndinachotsa pa ambulera ya mayi ake. Chokolekera paphewa ndinadula lamba wanga wa kutchalitchi. Sipuling'i ndinakaifuna ku Ndirande, ndipo wowotcherera zitsulo atamva kuti ndi ya nkhondo anakweza mtengo pomwepo, akuti nthawi ya nkhondo chitsulo sichinenereredwa. Pali Mulungu, ndalama zomwe zinalowa m'mfuti imeneyo zikanagula dimba lonse la mapapaya pamodzi ndi mlonda wake.

"Abambo ake," anatero mayi a kunyumba, "nkhondo imeneyi ife sitikumenya nawo, koma ndife tokha tagonja. Mkulu wa mpingo wagwa pa mpando uja dzulo."

Uku aneba ankasuzumira pampanda m'mawa uliwonse.

"Aneba, fakitale ikuyenda? Kuno mfuti tagawira kale gulu lonse madzi a tiyi asanawire."

Ine ndinkangopala thabwa langa, uku ndikupempherera mtengo uja mphepo.

Patapita masabata, mfuti inatha. Inkawala mwakuti nkhuku zinkabwera kudzadziyang'anirapo, sindikunama. Ndinamukoleka mwana paphewa, iye n'kupendekeka ngati minibasi yodzaza mbali imodzi. Ndinaima pachipata kumuyang'ana akutsetsereka kupita kunkhondo, mfuti ikukhukhuluzika pansi, ana ena atangoti kukamwa yasaa. Tsiku limenelo ndinadzimva kuti ndine bambo wa munthu.

Masana anabwera akuthamanga, nkhope ili mwee, m'manja muli mapesi awiri a papaya.

"Mfuti ili kuti?"

"Ndasinthitsa ndi ajenerali."

"Wasinthitsa?"

"Ndi yokongola, adadi. Koma ndikamati ndiikweze paphewa, ndimakhala nditafa kale. Lero lokha ndafa kanayi." Anandionetsa mapesi aja ngati wapata mphoto. "Andipatsa ziwiri. Ziwiri, adadi!"

Masukulu atatsegulidwa nkhondo inatha yokha, popanda wopambana. Mfuti yanga ili pakhoma m'chipinda chochezera cha aneba, pamwamba pa wailesi. Alendo akaiyamikira, iwo amangoti, "Aa, timayesetsa." Ndimawamva bwinobwino, nyumba zathu n'zogundana.

Mwezi watha anatuma mwana wanga yemweyo, amene tsopano mawu ayamba kukula, kudzandiuza kuti mfuti ija yachita fumbi, ndikapeza mpata ndikaipake polishi.

"Ndiye iwe unawayankha chiyani?"

"Ndinati palibe amene amaidziwa kuposa adadi anga."

Ndinapita ndi polishi wanga yemwe.