Bakuli la Bana Kombe

Ku Kalingalinga, aliyense amene anagonerapo bedi losalira usiku amawadziwa Ba Wilbroad Chewe. Ndi aja aatali, owerama pang'ono, amene amapala matabwa pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, pensulo ili kukhutu, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Anabadwira ku Mporokoso, nakulira ku Kitwe kumene bambo awo ankalowa mumgodi, ndipo ku Lusaka anafika akadali ndi mano onse, atanyamula sowo ndi mkazi wawo, Ba Nsama. Sowoyo idakalipo mpaka lero. Ba Nsama anamwalira chaka chatha, nyengo yozizira.

Ana alipo, musaganize kuti ndi munthu wosabereka. Woyamba, Lazarous, amayendetsa galimoto ku Solwezi, ndipo chifukwa cha iye anthu amawatchula mdalayu kuti Bashi Lazarous. Wamkazi, Chola, anakwatiwa ku Livingstone. Maliro atatha onse anabwerera kwawo, ndipo amaimba foni Lamlungu, akakumbukira.

Chola asanakwere basi anachita chinthu chimodzi chimene iye anachiyesa chanzeru. Anawatenga bambo ake n'kupita nawo kusitolo yaikulu ya zotchipa imene inali itangotsegulidwa kumene kutsidya kwa msewu. Anawagwiritsa dengu, nawayendetsa mzere ndi mzere ngati mwana woyamba sukulu.

"Ba tata, muno vonse vilimo," anatero Chola. "Muziyang'ana chabe vili na stika yofiila, ndiye vamene batsitsa mtengo. Simuzagona na njala."

Ndipo zoona, ndi njala sanagone. Munthu wozolowera kugogoda thabwa kuti amve ngati lafumbwa mkati sachedwa kuphunzira sitolo. Posakhalitsa Ba Wilbroad anadziwa kuti buledi wadzulo alibe mlandu, ukamuwamba pang'ono pambaula amatsika bwino ndi tiyi. Nyemba za m'chitini chopindika ndi nyemba ndithu, bola chitinicho chisakhale chotupa. Mpunga wosweka umakhutitsa chimodzimodzi ndi wathunthu. Koma soseji ya kumeneko, abale, ndi ufa wongovekedwa chikopa, ukaikazinga imaphulika n'kumwazika m'chiwaya. Mafuta ophikira amachita thovu. Nkhuku ya m'firiji ndiyo yabodza kuposa zonse: m'manja imalemera mpaka kukondwera, koma ikangolowa mumphika imatuluka madzi, madzi, madzi, n'kutsala tizidutswa tonga ta njiwa.

Sanadandaule kwa munthu, chifukwa panalibe munthu wodandaulira. Ankadya ataimirira, pafupi ndi zenera, nthawi zina m'chiwaya momwemo. Kuyala patebulo chifukwa cha munthu mmodzi kunkawachititsa manyazi, ngakhale tebulolo anapanga okha.

Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali chakudya ayi. Chinali kuzindikira kuti anansi onse aja amene ankadzaza pakhonde anali a mkazi wawo. Ba Nsama ndiwo ankadziwa mwana wa yani wamera mano, yani wathawidwa ndi mwamuna, yani akufuna kumuperekeza kuchipatala. Ba Wilbroad ankangokweza dzanja podutsa, basi. Zaka zonsezo ankaganiza kuti ndi munthu wa anthu, chonsecho anali chabe mwamuna wa Ba Nsama. Mayi atapita, pakhomo panangoti zii, ndipo mdala anasungulumwa kwambiri.

Kuseri kwa mpanda wawo kunali nyumba ya lendi, ndipo mmenemo munkakhala Bana Kombe, mayi wamasiye wogulitsa zovala za kaunjika, zija amati salaula, kumsika wa Mtendere. Anali mnzawo wa Ba Nsama, ankaimba limodzi kwaya kutchalitchi. Loweruka lina masana, Ba Wilbroad akuvula nsapato, anamva "Odi" pakhomo. Anayamba ayang'ana kumbuyo ngati odiyo ndi wa nyumba ina.

Anali Bana Kombe, atanyamula bakuli lobiriwira lovundikira bwino. Anapinda mawondo pang'ono, nalipereka ndi manja awiri.

"Naphika vambili lelo, Bashi Lazarous," anatero mayiyo. "Nati mulaweko."

"Mwavutikilanji, mayo?"

"Palibe kuvutika. Mudye vikali vopya."

Munali chibwabwa chotendera, masamba a dzungu aja, nsinjiro zake zosinja pamanja, osati za kuchigayo. Tsiku limenelo Ba Wilbroad anakoka mpando. Anakhala pansi, nasamba m'manja mwaulemu, ndipo atangolawa kamodzi misozi inatsika yokha. Chinali chakudya chophikidwa ndi munthu amene ankaganizira munthu, ndipo iwo anali ataiwala kukoma kwake. Anapukuta bakulilo ndi chala mpaka linawala.

Tsono pali mwambo, ndipo ku Kalingalinga palibe wosaudziwa. Mbale ikabwera kwanu ndi chakudya, simuibweza yopanda kanthu. Mwini wake nayenso sangabwere kudzaifunsa, chifukwa kutero n'kukunenani kuti ndinu wosowa kapena wakuba. Amangodikira. Mbaleyo ikamapita n'kumabwerera, ndiye kuti nyumba ziwirizo zikuyenderana. Ikaima, chinansi chaima.

Ba Wilbroad mwambowu ankaudziwa. Anali ataona Ba Nsama kambirimbiri akutuluka ndi mbale ya eni atavundikira ndi kansalu. Koma mwamuna ndi mwamuna, sanatsegulepo kansaluko kuti aone zili mkati. Akanatsegula akanapeza tomato atatu, kapena zitumbuwa zotsala, kapena mtedza wodzaza dzanja, chifukwa nkhani si ya zimene zili m'mbalemo. Iwo ankaganiza kuti chobweza chiyenera kulingana ndi chimene chinabwera, monga miyendo ya tebulo.

Anatsegula kabati n'kuyang'ana. Buledi, stika yofiira. Soseji, stika yofiira. Majarini, zitini, mpunga, zonse zofiira pamphumi.

"Munthu wanisinjila nsinjilo na manja yake," anadziyankhulira, "ine nimubwezele soseji ya ufa? Iyai."

Anayesa nkhuku. Anasankha paketi yolemera kuposa onse, naiphika mosamala, koma inachita zake zomwe zija. Ataika m'bakuli, tizidutswato tinkayandama m'madzi otuwa, ndipo anachita manyazi ngakhale anali okha. Anadya okha. Tsiku lina anagula keke yotsitsidwa mtengo, yooneka bwino zedi, nakanda stika ndi chikhadabo. Stikayo inachoka koma inasiya ulimbo pachivundikiro, ndipo atanunkhiza anamva kafungo kowawasa. Nayonso anadya okha, mimba n'kuwavuta mpaka m'mawa. Bakuli analitsuka, nalipukuta, naliika pamwamba pa kabati kuti lidikire chakudya choyenera.

Masabata anayamba kudutsa. Ndipo taonani mmene manyazi amamupusitsira munthu wamkulu: Ba Wilbroad anasintha njira. M'malo modutsa pakhomo pa Bana Kombe popita kuntchito, ankazungulira kwa owotcherera zitsulo, kulumpha ngalande ndi mawondo awo okalambawo. Akamva mayiyo akuyanika zovala kuseri kwa mpanda akuimba chapansipansi, iwo ankatsitsa wailesi kuti aoneke ngati kulibe. Chonsecho nyimboyo ankaimvetsera, ndipo inali mawu okhawo a munthu amene ankafika m'nyumba mwawo.

Tsiku lina anakumana nawo m'sitolo muja. Anawaona patali, pamzere wa buledi, ndipo mdala wa imvi anabisala kuseri kwa mulu wa matumba a ufa, dengu lili pachifuwa. Anaona ndi maso awo kuti m'dengu la Bana Kombe munali buledi yemweyo wadzulo ndi mafuta omwewo a thovu. Maso anaona koma mutu sunalandire. Ankangoganiza za bakuli.

Mayiyo ndiye anayesa. M'mawa wina popita kukakwera minibasi, atasenza mtolo wa zovala, anapatukira pansi pa mango paja.

"Bashi Lazarous, mwasowa," anatero Bana Kombe. "Muli bwino?"

"Nili bwino, mayo. Ni nchito chabe."

Mayiyo anayang'ana utuchi pansi.

"Chibwabwa chija, kapena mchele unachuluka?"

"Iyai, iyai. Chinali bwino."

Akanangonena kuti chinawaliza. Akanangonena kuti, mayo, m'nyumba mwanga mulibe choti n'kuika m'bakuli lanu, ndipo mayiyo akanaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anawerama n'kuyamba kupala thabwa limene linali losalala kale. Bana Kombe anadikira kanthawi, nakonza mtolo pamutu, n'kumapita.

Mwezi utatha, mphunzitsi wina dzina lake Moven anadzatenga bedi lake n'kulipira bwino. Ba Wilbroad sanapite kusitolo. Loweruka anakwera minibasi mpaka kumsika wa Mtendere, nadzera chipata chakutali ndi kwa ogulitsa salaula, nasankha nkhuku yakumudzi yamoyo, yamiyendo yolimba, yoyang'ana munthu mwaukali. Anaimbira foni Chola kuti awakumbutse mmene amayi ake ankaiphikira.

"Nkhuku ya kumunzi, ba tata? Kuli alendo?" anafunsa Chola.

"Niuze chabe."

"Muyambe mwaiwamba pa malasha, ikauma muike mumphika na madzi pang'ono. Osaika mafuta, ili nayo yake. Tomato na anyezi kumapeto. Nizatuma foni mailo, mwana alila."

Lamlungu anadzuka kusanatenthe. Anapha nkhuku, naisosola, naiwamba pambaula mpaka khungu linafiira, kenako anaiphika pang'onopang'ono, atakhala pambali pake ngati wodwazika. Fungo linadzaza nyumba, linatulukira pazenera, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Ba Nsama pakhomopo pananunkhira ngati pamakhala anthu. Mdala anakondwa. Anasankha ziwalo zabwino zokhazokha, ntchafu, chidale ndi nthutumba, naziyala m'bakuli. Anavala shati yoyera, napesa tsitsi, nakulunga bakulilo ndi kansalu. M'njira ankabwereza mawu oti akanene: mayo, nachedwa, munikhululukile.

Atazungulira mpanda anaona kuti pazenera pali katani ina. Pachingwe panalibe zovala za salaula. Mkati munkalira nyimbo zaphokoso. Anati odi, natinso odi, ndipo kunatuluka mayi wachitsikana amene sanamuonepo, foni ili m'manja, tsitsi lili theka loluka. Ameneyu anali Emelda, wa lendi watsopano. Anayang'ana mdalayo, nayang'ana bakuli.

"Mugulitsa vakudya?" anafunsa Emelda. "Taphika kale."

"Iyai, mwana wanga. Nifuna Bana Kombe."

"Aa, banakuka. Mwine wa nyumba anakweza lendi, banachoka pa kutha kwa mwezi."

"Banayenda kuti?"

"Kaya. Banakamba George, kapena Matero, sininamvetsetse."

Ba Wilbroad anakumbukira kuti masiku apitawo, pobwera kuntchito kudzera njira yawo yozungulira ija, anaona kalole katadzaza matilesi ndi mitolo kakutulukira kumsewu. Sanafunse kuti ndi ka yani. Nambala ya foni ya mayiyo analibe. Inali m'foni ya Ba Nsama, ndipo foniyo inapita ku Mporokoso ndi achibale pogawana katundu wa maliro.

"Nanga kumsika bakali kugulitsa?" anafunsa.

"Banati malo banasiyila munthu wina. Ni kutali manje." Emelda anali atayamba kale kubwerera m'nyumba, kenako anatembenuka. "Imwe ndimwe ba kalipentala ba kuseli uku?"

"Ndine."

"Banasiya mau. Banati ngati mwabwela na bakuli, musavutike, musunge chabe. Banati banamvetsa kuti simufuna kuvutitsiwa, ndiye chifukwa sibanabwele kulaila."

Ba Wilbroad anatsegula pakamwa kuti akane, kuti afotokoze kuti sizinali choncho, koma akanafotokozera yani? Mtsikanayo sankawadziwa, sankadziwa Ba Nsama, ndipo foni yake inali ikulira. Emelda anapepesa mwaulemu n'kutseka chitseko.

Mdala anaima pamenepo kanthawi, bakuli likuwawotcha m'manja kudzera m'kansalu. Kenako anabwerera kwawo, ulendo uno kudzera njira yachidule, chifukwa panalibenso womuthawa. Anaika bakuli patebulo, navundukula, natenga kachidutswa kamodzi. Nkhukuyo inali itapsa bwino kwambiri, yofewa mpaka pafupa, mchere wake pomwepo, ndipo panalibe munthu woti amuuze.