Rejisitala ya Ndapeza

Inu amene mwatsala pang'ono kugonja, tamvani za Ndapeza, mphunzitsi wa Sitandade 8 kufupi ndi Kasina.

Tsiku limene a hedi, a Alufeo, anamubweretsera fomu yopumira pa ntchito, miyendo yake inali yotupa, nsapato zikukana kulowa. Impso zinali zitasiya kugwira ntchito. Lolemba ndi Lachinayi ankalawirira ku Lilongwe kukalumikizidwa ku makina otsuka magazi, ana n'kumangoothera dzuwa panja.

"Mayi, sainani mukapume," anatero a Alufeo. "Wodwala sagwira choko."

Chifundo china chimapweteka kuposa matenda. Ndapeza anapempha teremu imodzi yokha.

Mtima sunakhale m'malo. Ali pabedi la chipatala, maso ankangokhala pa wotchi: pano ndi nthawi ya masamu, pano belu lalira. Tsiku lina atachedwa kutuluka, anaona namwino Victoria akufunditsa nsalu makina aja, dzuwa likadalipo.

"Asisitala, makinawa agona kale?"

"Ndife ochepa, aphunzitsi. Komanso madzulo angabwere ndani?"

Funso lotere safunsa mphunzitsi. Lachinayi lotsatira anabwera ndi rejisitala yakale ya m'kalasi, n'kuyamba kuitana maina pabenchi ya odwala anzake. Analemba telala, dalaivala, mayi wogulitsa kachewere wa ku Kaphuka. Aliyense akajomba kuntchito chifukwa cha makina, ankachonga, monga amachitira ndi ana.

Analembera chipatala kalata yopempha nthawi ya madzulo, yankho osabwera. Yachiwiri anati aiona. Masabata akutha, tulo osabwera. Kachitatu sanalembenso, anangokatula rejisitala ija patebulo la akuluakulu: anthu khumi ndi asanu ndi anayi, masiku ojomba atadzaza masamba.

Akuluakuluwo anavomera kuyesa nthawi ya madzulo, makina atatu okha.

Musaganize kuti zinafewa. Ndapeza akaweruka, amakwera lole ya kachewere ya a Hamza mpaka mumzinda. Makope amachonga ndi dzanja limodzi, linalo lili pamakina. Amagona kwa mchemwali wake, n'kubwerera mbandakucha, mphepo ya ku Dedza ikuluma makutu.

Tsiku lotsekera sukulu, a Alufeo anafunsa za fomu ija. Ndapeza anawatsegulira buku losainira aphunzitsi: masabata anayi otsiriza, osajomba n'kamodzi komwe. A hedi anapinda fomu, n'kuiponya m'dirowa.

Impso sizinachire, ndisakunamizeni. Koma Sitandade 8 ikadali yake.

Inunso akakupatsani cholembera choti musainire kugonja, musathamange. Yambani mwafunsa amene mwakhala nawo pabenchi. Osataya mtima, simuli nokha pamzerepo.