Kamphika ka Dothi la ku Chiputula

Foni inalira ndili pampopi, ndowa isanadzaze. Anali mwana wanga wamkazi, namwino, amene anapita ndi mwamuna wake kukagwira ntchito pa chilumba chakutali, pakati penipeni pa nyanja yamchere.

"Amayi, mapepala anu atuluka. Mubwera kudzakhala nafe. Mwana abadwa mwezi wamawa."

Ndinavina ine, ndinavina, madzi akusefukira, amayi apamzere akundikuwira kuti nditseke mpopi. Ndinavina mpaka kunyumba, ndowa n'kuyiiwala komweko.

Koma nditakhala pakhonde, ndinakumbukira chinthu chimodzi. Mchombo. Ana anga onse anayi, michombo yawo ndinakwirira ndekha kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mapeyala, muno mu Chiputula momwe tinakhazikika malemu bambo awo atatumizidwa ku Mzuzu kuchokera ku Dedza. N'chifukwa chake ana anga amapita n'kubwera, amapita n'kubwera. Nanga mdzukuluyu? Kumeneko akukhala nyumba ya lendi, pamchenga wa eni ake. Mchombo wake ukagona mumchenga umenewo, adzadziwa bwanji kwawo?

Ndinatapa dothi patsinde paja, kudzaza kabotolo, n'kumuuza mwana wanga pafoni.

"Amayi, dothi salola. Pabwalo la ndege amatsegula chikwama. Akapeza dothi, mbewu, ngakhale matope kunsapato, amataya."

"Ngakhale lodzaza supuni?"

"Ngakhale lodzaza supuni. Ndipo majuzi mwagula pakaunjika aja asiyeni, kuno kumatentha chaka chonse."

Majuzi sanandiwawe. Dothi ndiye linandichotsa pampando. Ndinkasesa posesa kale. Ndinkalongedza chikwama, kumasula, kulongedzanso. Miyendo inangonditenga, kutsika, kukwera, mpaka ku Masasa kwa mnzanga wa kutchalitchi, mayi wachitumbuka woumba mbaula zadothi. Ndinamufotokozera ndili chiimire.

"Khalani pansi, agogo, mukundizunguza mutu," anatero. "Akana dothi laliwisi. Nanga lowotcha akananso? Fumbani mwana."

Ndinaimba foni pomwepo. Mwana wanga anakafunsa, n'kuyankha mawa lake kuti mphika wowotcha bwino, wotsuka, umadutsa, bola ndikauonetse ndekha, osabisa.

Tinasakaniza dothi langa lofiira ndi lake lakudambo, poti langa palokha silikanagwirana. Anaumba kamphika kang'ono ngati kapu, ndi kachivundikiro kake, koti mchombo wa mdzukulu ukagonemo. Koma inali nyengo yozizira, ndipo mvula yowaza ya ku Mzuzu simva kuti munthu ali paulendo. Kuwaza m'mawa, kuwaza masana, nkhungu kutsika kuchokera ku Kaning'ina. Kamphika osauma. Ndikakakhudza, kozizira. Ndikakakhudzanso, kozizira.

Tsiku lachinayi ndinalephera kupirira. Ndinasonkha moto ndekha, n'kukaika. Kanaphulika ndikuona, zidutswa mbwee m'phulusa.

Mnzanga atabwera anayang'ana zidutswazo, anayang'ana ine.

"Mwafulumira chomene. Zaka zonsezi mwalera ana anayi, mphika umodzi wakukanikani kudikira?"

Tinaumbanso kena, basi yopita ku Lilongwe itatsala masiku asanu ndi anayi. Aka ndinakalera ngati khanda. Ndinkakakhazika chapatali ndi mbaula, kukatembenuza, kukatembenuzanso, ndikuimba kuti uma, uma, mwana akubwera, uma, uma, ndege sidikira. Mnzanga anandiletsa kukayandikiza pamoto, ndipo machesi anga anapita nawo ku Masasa. Ndinkachita kukapala moto kwa aneba.

Kutatsala tsiku limodzi, mnzanga anabwera m'mawa ndi nkhuni zake. Anawotcha yekha, ine atandikhazika kutsogolo kwa nyumba kuti ndisaone. Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso. Katazizira anandiitana, n'kukagogoda ndi chala. Kanalira ngwee, kopanda mng'alu.

"Yewo, yewo chomene," ndinamuthokoza m'chitumbuka chake.

Ndinakatsuka, n'kukakulunga mujuzi imodzi mwa aja mwana wanga anandiletsa, n'kukaika m'chikwama cham'manja.

Masana ake pakhomo panadzaza anthu odzatsanzikana nane. Kunabwera mnzanga woumba uja, manja akadali ndi mwaye. Kunabwera mlamu wanga wa ku Kaning'ina ndi nkhuku, mwana wanga wachisamba ndi mkazi wake ndi ana awo atatu, amayi a kwaya onse ndi nthungululu zawo, abusa ndi amayi busa, aneba ondipatsa moto aja, telala amene anandisokera diresi lapaulendo, agogo ogulitsa tomato pamphambano, ndi mmodzi wa amayi apampopi aja, atasenza ndowa yanga yodzaza madzi.